Sizinagwire, Mubwerenso Loweruka

Chipata, 22 Juni 2025

Okondedwa Atate ndi Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko ku Chipangali. Ine ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chandilowa m'mafupa. Bulangete lija munandipatsa ndi limene likundisunga. Kodi chimanga mwamaliza kututa? Nanga mtedza wabereka bwanji?

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Foni yanga ndi imene mwaipeza m'kabokosiko. Ndapatsira a Lyford oyendetsa basi, ndipo avomera kuti makalata athu azitinyamulira.

Nkhani yake ndi iyi. Temu ino kukoleji tikuphunzira za nyimbo, miyambi ndi nthano, zinthu zimene anthu amasunga m'mutu osati m'buku. Aphunzitsi athu, a Madamu Jere, atiuza kuti aliyense ajambule nyimbo za kwawo, azilembe liwu ndi liwu, kenako afotokoze mmene zinapangidwira. Koma aika lamulo lovuta. Akuti nyimbo ijambulidwe ili pantchito yake, ya pamaliro pamaliro pomwepo, ya pamtondo pamtondo pomwepo. Munthu woimba atakhala pampando, atavala za kutchalitchi, akuti sakumufuna.

Ine nditamva zimenezi ndinakumbukira nyimbo zimene ndinakulira. Amayi ankayambitsa, azakhali a Monika n'kumavomera, minsi iwiri ikusinthana mu mtondo umodzi. Ndikudziwa kukula kwa chimene ndikupempha. Chiyambire chaka chija munagulitsa mbuzi kuti ndibwere kuno, awiriwa sapalana moto. Azakhali anati ndi misala kutha khola kuti mwana akaphunzire Chinyanja chimene anayamwira, Amayi nawo anabweza mawu amene sindifuna kuwalemba. Zimandiwawa kuti zinayambira pa ine. Koma nyimbo imeneyi imafuna anthu awiri, wina akapanda kuvomera imafera m'malere.

Ndikadabwera ndekha, koma tikuphunzira mpaka Loweruka. Atate, ntchito yojambula ndaisiya m'manja mwanu. Mukadina kachizindikiro kofiira kamodzi, kagetsi kayamba kuphethira, ndiye kuti ikujambula. Akamaliza mudinenso. Basi.

Ntchito yonse ndikapereke pa 15 Ogasiti. Ndikalephera, kosi imeneyi ndidzaibwereza chaka chamawa, anzanga atamaliza. Chonde foni ibwerere msanga kuti ndipeze nthawi yolemba.

Mwana wanu,
Elesi

Chipangali, 30 Juni 2025

Mwana wanga Elesi,

Atamandike Yesu Khristu. Kuno tili moyo. Chimanga chaka chino chatiopsa, nkhokwe yachepa, china taika m'matumba m'chipinda chako. Ukadzabwera udzagona pamwamba pake.

Foni yafika bwino. Ndaikulunga m'nsalu ndipo ndaizimitsa, poti netiweki kuno ukudziwa kuti timakaipeza pachulu cha kwa a Mwale. Usavutike kuiimbira.

Kalata yako ndinawerengera amayi ako. Anati, "Ndiimba ndekha." Ndinawerenganso paja pa anthu awiri. Kenako anati, "Chifukwa cha mwana, koma ine sindipita kukamupempha." Ndinapita ine kwa mlongo wanga. Monika anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Mbuzi zonse zija, mapeto ake akuti tiziwasinjira?" Ndinamusiya aseke. Nditanyamuka anandiitana n'kundifunsa kuti ndi tsiku liti.

Vuto lina linali mtondo. Chibwerere chigayo pafupi, wathu uja unasanduka poikira nkhuku. Ndinapeza thadzi lakuda likufungatira momwemo, tinakangana nalo pang'ono. Ndautsuka ndi phulusa. Munsi wina unadyedwa ndi chiswe, ndasema watsopano wa mtengo wolimba.

Tapangana za Loweruka likubwerali m'mawa. Iwe limbika sukulu.

Ndine atate ako,
Alfonsi Sakala

Chipangali, 8 Julaye 2025

Elesi,

Atamandike Yesu Khristu. Tili bwino.

Loweruka anasinja ndithu. Monika anafika atanyamula lichero lake, sanapereke moni kwa amayi ako, anapereka kwa ine ndi kwa galu. Nyimbo anaimba, koma ngati anthu amene akumwa mankhwala owawa. Wina kuyang'ana kum'mawa, wina kumadzulo. Minsi inagundana kawiri.

Koma ndikupepesa, mwana wanga. Ntchito sinatheke. Zala zanga zinazolowera khasu, pagalasi lako lija zimaterereka. Ndawauza kuti abwereze Loweruka likubwerali. Onse awiri anandinyoza, ndipo ndinaona kuti pa nkhani yondinyoza ine amagwirizana.

Foni ikhale kaye kuno.

Atate ako,
A. Sakala

Chipata, 13 Julaye 2025

Okondedwa Atate,

Moni nonse. Ndaseka za thadzi lija, mulipepese m'malo mwanga. Za kulephera musadandaule, ngakhale ine tsiku loyamba foni imeneyo inandizunguza. Ndajambula chithunzi chake kuseri kwa kalatayi, ndi muvi woloza podina. Musasindikize ngati mukupha nsikidzi, ingogusani.

Zikomo kwambiri powakumaniza. Sindimayembekeza kuti azakhali angavomere.

Munandifunsa pa Pasaka kuti kwenikweni timaphunzira chiyani, ine n'kungoseka. Lero ndikuuzeniko. Lolemba lililonse timabwera ndi kagalasi m'kalasi, n'kumadziyang'ana m'kamwa tikutchula mawu, kuti tione pamene lilime likugunda. Munthu wodutsa panja angayese tazungulira mitu. Mnzanga Memory ndi Mnsenga, wina Ruth ndi Mtumbuka, ndiye timaika mawu athu pamodzi n'kumaona pamene zilankhulo zathu zimakumana ndi pamene zimasiyana. Ndazindikira kuti Chinyanja ndinayamwadi, koma sindinkadziwa chimene ndinkameza. Masana timawerenga mabuku a nkhani ndi ndakatulo, n'kumatsutsana mpaka a Madamu atatithamangitsa kuti akufuna kutseka chitseko. Sindinong'oneza bondo kuti ndinasankha zimenezi, Atate, ndipo sindiiwala mbuzi zimene zinandifikitsa kuno.

Memory wajambula kale nyimbo za ukwati kwawo ku Madzimoyo, wayamba kulemba. Ine sindinayambe n'komwe. Kulemba nyimbo liwu ndi liwu ndi ntchito yotenga masiku, chifukwa mzere umodzi umaubwereza kambirimbiri kuti umve bwino. Ngati dzulo zatheka, apatseni a Lyford foniyo mawa lomwe.

Moni kwa Amayi. Moninso kwa azakhali, ngati angalandire.

Elesi

Chipangali, 22 Julaye 2025

Mwana wanga,

Atamandike Yesu Khristu. Kalata yako ndi chithunzi chake ndalandira. Umajambula bwino.

Loweruka lachiwiri lija batire linandichita chipongwe. Kunali mitambo sabata yonse, sola sinakoke moto. Loweruka lachitatuli zonse zinali m'malo, koma tambala wa kwa Monika anaima pafupi ndi ine n'kulira osalekeza. Ndaona kuti aphunzitsi ako sangakondwe kumvera tambala. Tibwereza.

Nkhani ina ndi yoti mphale yachuluka. Amayi ako aviika ina, ina tagawira anzathu opemphera nawo kumphakati. Gaga nkhumba zakhuta mpaka zikumugonera. A Mwale a chigayo anandiimitsa panjira kundifunsa ngati tinayambana.

Monika tsopano amabwera yekha, osachita kumuitanitsa. Loweruka lapitali anaiwala lichero lake kuno, ndipo amayi ako sanaliponye kuseri kwa mpanda.

Usade nkhawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atate ako,
A. Sakala

Chipata, 30 Julaye 2025

Atate,

Moni. Ndinadikira a Lyford pasiteji Lolemba, ndinadikiranso dzulo. Akuti munawakwezera dzanja basi ikudutsa, koma simunawapatse kanthu. Ndiye kuti Loweruka lachinayi nalonso lapita padera.

Mundikhululukire, ndilankhula mosabisa. Mukundiuza za nkhumba ndi za lichero, ine kuno tulo sindikuliona. Anzanga onse ayamba kutayipa. A Madamu anandifunsa pamaso pa kalasi yonse kuti ntchito yanga ili pati. Chala, batire, tambala. Ulendo uno chikhala chiyani, mphepo? Inu amene mumakonza wailesi za mudzi wonse, kachizindikiro kamodzi kakukanikani mwezi wathunthu?

Ndayamba kuganiza kuti mwina nanunso mumtima mumagwirizana ndi azakhali, kuti zimene ndikuphunzirazi ndi masewera, zoti zikhoza kudikira mpaka mutamaliza za kumunda. Ngati ndi choncho mukadangondiuza. Kwa ine si masewera. Ndikabwereza kosi imeneyi, azakhali adzati ananena, ndipo Amayi sadzadzutsanso mutu pamudzipo.

Bwezani foni yanga, kaya muli kanthu kaya mulibe. Memory wati amayi ena a ku Madzimoyo akhoza kundisinjira ndikawapempha. Si nyimbo za kwathu, koma ndilibe pogwira pena.

Ndalemba ndili wokwiya, ndipo ndikulira.

Elesi

Chipangali, 3 Ogasiti 2025

Elesi mwana wanga,

Atamandike Yesu Khristu. Kalata yako yandipeza ndipo yandilasa. Sindikukudzudzula.

Foni ndi imeneyo. Usanapite ku Madzimoyo, khala pansi umvere zimene zili m'menemo. Uyambire koyambirira, usadumphe.

Amayi ako aikamo ufa woyera m'kathumba. Mtedza wokazingawo ndi wa azakhali ako.

Atate ako,
A. Sakala

Chipata, 17 Ogasiti 2025

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira muli bwino, inu, Amayi ndi azakhali. Ndachedwa kulemba chifukwa masiku onsewa ndinali pantchito, komanso chifukwa cha manyazi. Sindikudziwa poyambira.

Foni nditailandira ndinathamangira kuchipinda. Ndinapeza zojambula zisanu. Zonse zomveka bwino ngati za pawailesi. Batire silinathe, tambala analira kamodzi kokha chapatali. Ndipo Atate, tsiku loyamba lija munachedwa kudina kachiwiri, moti kumapeto kwake kukumveka mawu anu, odekha ngati mukutsogolera pemphero kumphakati: "Pepani amayi, sizinagwire. Mubwerenso Loweruka." Memory anagwa pabedi ndi kuseka. Ine ndinafuna kukwera basi nthawi yomweyo kuti ndidzakufunseni bwinobwino.

Koma munati ndisadumphe, ndiye ndinamvera zonse mwandondomeko.

Yoyamba ndi nyimbo ija ndimaidziwa. Amayi akuti, "Munsi wanga walemera, wondilandira ali kuti?" Azakhali akuvomera, "Ndili pano, mlamu, ndili pano." Koma akuvomera ngati munthu woitanidwa kupolisi.

Yachiwiri, Amayi asintha mawu. Akuti, "Anandinenera mwana wanga, pakamwa pawo ndi pa lumo." Minsi inaima pang'ono. Kenako munsi wa azakhali unagwa mwamphamvu, iwo amvekere, "Mbuzi zinapita ku Chipata, zikabwera zikulankhula Chinyanja." Apo ndinamva Amayi akudziletsa kuseka.

Yachitatu ndi nkhondo yeniyeni. Zonse zimene akhala akusungirana zaka ziwiri anazikhuthulira mu mtondomo, za mbuzi, za mchere umene wina anamana mnzake, za moni wosayankhidwa kutchalitchi. Koma palibe amene anataya munsi. Ndinakumbukira zimene Amayi ankandiuza ndili mwana, kuti za pamtondo sizipita kubwalo, munthu sangakuimbe mlandu pa zimene waimba ukusinja. M'kalasi tinawerenga zimenezi m'buku, ine n'kulemba m'kope ngati nkhani ya anthu akutali.

Yachinayi ndi imene inandiliza. Amayi anaimba za mawu aja anawanena, oti azakhali sangadziwe za mwana wa sukulu poti ana awo onse anathera panjira. Anaimba kuti, "Lilime langa linapsa, mlamu, ndinaponda pa bala lako." Azakhali sanavomere msanga, munangomveka minsi yokha. Kenako anati, "Ndinamubereka kumsana ameneyo, ndinkaopa adzabwera manja lende." Atate, ine ndinkayesa azakhali amandinyoza. Sindinadziwe kuti ankandiopera.

Yachisanu theka lake ndi phwete. Akuimba za mwamuna wina wa zala zoterereka. Ndikuganiza mukumudziwa.

Ndinalemba usana ndi usiku, Memory ndi Ruth akundithandiza kutayipa. Ndinali nditakonzeka kulemba za nyimbo imodzi, koma ndinalemba za mmene nyimbo imodzi inasinthira kasanu m'kamwa mwa anthu omwewo, ndi ntchito imene inagwira. Ndinapereka Lachisanu, tsiku lomaliza lenilenilo, thukuta lili kamukamu. A Madamu Jere anamvera yachiwiri ndi yachinayi ndili pomwepo. Anavula magalasi n'kundifunsa kuti anajambula ndani. Ndinati atate anga. Anati, "Ameneyo anadziwa kudikira." Malikisi sanatuluke, koma ntchito ailandira, ndipo akuti ndidzaipitirize chaka chomaliza. Apempha kuti kalasi yonse imvere, ine ndati ndiyambe ndapempha eni ake. Yachinayi sindikufuna imveke kwa anthu popanda chilolezo chawo.

Pepani chifukwa cha kalata ija. Ndinakunenani kuti simusamala za sukulu yanga, chonsecho munali mukusenza zinthu ziwiri pamutu umodzi. Komabe Atate, munandiika pamoto. Tsiku lina mukadzafuna kuchita zotere, mudzanditsine khutu.

Zikomo. Ndilibe mawu ena oposa amenewa, ngakhale ndine wophunzira za mawu.

Funso limodzi lokha. Kodi Amayi ndi azakhali mudzawauza kuti munkawanamiza? Ndikuopa kuti akadzadziwa, zonse zidzagumuka.

Mwana wanu,
Elesi

Chipangali, 24 Ogasiti 2025

Elesi mwana wanga,

Ndine amayi ako. Atate ako ati ndilembe ndekha poti funso lako likukhudza ine. Usaseke zilembo zanga, dzanja linaiwala.

Tili bwino. Tamva kuti ntchito yako ailandira, tathokoza Mulungu. Ndinavina pakhomo pano mpaka nkhuku zinabalalika.

Tsono za funso lakolo. Iwe mwana, umatiyesa ndife ana? Kalata yako yoyamba atate ako anandiwerengera kawiri, ndipo ndinamva ndi makutu angawa kuti kagetsi kakamaphethira ndiye kuti ikujambula. Loweruka loyamba lomwelo kagetsi kanali phethiphethi mpaka kumapeto. Atate ako akuti sizinagwire, ine ndikukaona. Ndinafuna kuwayalutsa pomwepo. Nditacheuka ndinaona mlamu wanga nayenso akuyang'ana kagetsi komweko. Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana. Iye ndiye anayamba kunena kuti, "Achimwene, ndinu mbuli, tibweranso." Ine ndinangoti, "Ndi mbuli zedi."

Ukuona, mwana wanga, ine sindikanatha kupita kukhomo kwake. Iyenso sakanatha kubwera kwanga. Tinali titauma makosi tonse awiri, ndipo mudzi wonse unkationerera kuti agonje ndani. Koma kubwera chifukwa cha mwana wa sukulu ndi chifukwa cha mwamuna wosadziwa foni, pamenepo palibe wagonja. Bodza la atate ako tinalisamala tonse atatu ngati dzira. Iwo mpaka lero amayenda monyada kuti anatipusitsa. Kalata ino ndimata ndekha, usawauze.

Chimene sitinadziwe n'choti masiku ako anali atatha chotero. Kalata yako yokwiya ija itafika, atate ako sanadye. Anati atumize foni tsiku lomwelo, ine ndi amene ndinati adikire Loweruka limodzi, poti mlamu anali atapeka kale nyimbo ya zala zoterereka ndipo sindinafune iwonongeke. Ngati pali wokupepesa, ndine. Pepa mwana wanga. Zikomonso, chifukwa unatipempha chinthu chimene tonse tinkachifuna koma tinkasowa pochipemphera.

Zoti anzako amvere, mlamu wavomera, inenso ndavomera. Yachinayi yokha ikhale yako ndi aphunzitsi ako.

Azakhali ako ali pompano, akusenda mtedza pamphasa. Akuti ndikulembere mawu awo ndisasinthe. Akuti, "Umuuze kuti za mbuzi sindinabweze, zinali mbuzi zabwino. Koma ngati kukoleji amaphunzitsa munthu kumvera azakhali ake mzere umodzi kambirimbiri mpaka amve, apitirize. Kuno palibe anandimverapo chotero." Akutinso tsiku lomaliza sukulu udzawasungire mpando kutsogolo, chitenje agula kale, chofanana ndi changa.

Ufa tili nawo wofika Khirisimasi, a Mwale a chigayo satipatsanso moni. Komabe dzulo tinasinja. Atate ako anakhala pansi pa mango manja ali m'thumba, opanda chodina, opanda chonamizira. Tinaimba ina yatsopano, yokhudza iwe.

Usafunse mawu ake, ndipo foni usatumize. Imeneyo udzaimva ukadzabwera, munsi uli m'manja mwako.

Ndine amayi ako,
Getrude